Kagiya ka Distributor Kakadyeka Msanga, Funsani Mano Ake Musanagule Kena

Nyengo yokolola ikafika, vaneti ya mlimi sidziwa kupuma. Lero yanyamula mabokosi a matimati kupita ku msika, mawa matumba a cimanga kupita ku depoti ya FRA, mkuja yapita kukatenga feteleza wa ku dimba. Ambiri a ife amene tinayamba ulimi ndi ndalama zocepa tinagula galimoto zakale za petulo, zopangidwa zaka 30 kapena 40 zapitazo, cifukwa mtengo wake unali wofikirika ndiponso amakanika a m'matauni mwathu amazidziwa bwino. M'kati mwa injini zoterezi muli kacitsulo kakang'ono kokwana m'dzanja la mwana. Kakatha mano, vaneti imazima pomwepo, kaya ndi pacipata ca munda kapena pa zitunda za pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, ndipo matimati sayembekezera munthu.

Kacitsulo kameneka ndi kagiya ka kunsi kwa distributor. M'injini yosamalidwa bwino kamagwira nchito zaka zambiri, mwini galimoto osadziwa n'komwe kuti kalipo. Motero kakadyeka patangopita miyezi yowerengeka, kapena kaciwiri kakatsatira koyamba m'nyengo imodzi, tiyenera kudziwa kuti pali cina cimene cikukadya. Akuluakulu anati umanena catsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Wogula kagiya kena asanafufuze amangopatsa cakudya catsopano mdani amene akali m'injinimo. M'nkhani ino tifotokoza mmene timafufuzira vutoli pa malo athu okonzera makina, ndi zipangizo zimene mlimi wamba angakhale nazo kapena kubwereka.

Katundu amene kagiya kamasenza

Distributor ndiyo imagawa moto wa magetsi ku mapulagi motsatana, pa nthawi yoyenera. Imazunguzidwa ndi camshaft, shafiti imene imatsegula mavalavu. Pa camshaft pali mano opendekeka amene amalumana ndi mano a kagiya kathu, ndipo zonse ziwiri zimazungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri.

Titenge citsanzo ca injini zimene zinafala kwathu kuno: 2Y, 3Y ndi 4Y za m'ma Toyota Hilux akale, ndi 2F ya masilinda 6 ya m'ma Land Cruiser FJ45. Pa injini zimenezi camshaft iri m'thupi la injini, ndipo shafiti ya distributor siithera pa kagiya. Imapitirira kunsi, ndipo nsonga yake, yophwatalala ngati ya sikuludiraiva, imalowa mumng'alu umene uli pamwamba pa pampu ya oilo. Ndiye kuti kagiya kamodzi kamagwira nchito ziwiri: kamazunguza rotor imene imagawa moto kumwamba, ndiponso kamazunguza pampu kunsi.

Kuzunguza rotor ndi nchito yopepuka, ngakhale cala ca mwana cingathe. Katundu weniweni ndi pampu, imene imakankha oilo kupyola m'fyuluta ndi m'timipata topapatiza ta mabearing. Oilo akalemera kapena njira yake ikacepa, mphamvu yonse yofunika kumukankha imadzera pa mano ocepa amene akulumana pa nthawiyo. Kuonjezera apo, popeza mashafiti awiriwa amapingasana, mano ake amatsetsereka pa anzake m'malo mogubuduzika. Cimene cimaletsa citsulo kudya citsulo cinzake ndi kaoilo kopyapyala kamene kamadonthera ndi kuwazikira pamenepo. Kaamba ka ici, mafunso athu onse amazungulira pa zinthu zinai: kukula kwa katundu, ubwino wa oilo, malo amene mano akulumanirana, ndi mtundu wa zitsulo zimene zakumana.

Si injini zonse zinapangidwa motere. Pa 22R, camshaft iri pamwamba pa mutu wa injini ndipo pampu imazunguzidwa ndi crankshaft kutsogolo, kotero kagiya kamasenza distributor yokha. Mwini injini yotere asataye nthawi kukayikira pampu. Ayang'ane shafiti ya distributor ndi oilo amene amafika kumutu. Dziwani coyamba kuti injini yanu ndi ya mtundu uti.

Zizindikiro zoyamba

Kagiya sikatha tsiku limodzi. Mano akamadyeka, mpata wa pakati pa iwo ndi a camshaft umakula, ndipo moto umayamba kufika mocedwa ndi mosakhazikika. Kampata kameneka musakapeputse, pakuti digiri imodzi pa distributor ndi madigiri 2 pa crankshaft. Vaneti imayamba kuvuta kuliza m'mawa, imafooka pa citunda, imamwa petulo wambiri, imatentha, ndipo nthawi zina imaphulika m'carburettor kapena ku ekizosi.

Cizindikiro cimene timacikhulupirira kwambiri ndi ici: makanika wakonza timing, galimoto yayenda bwino milungu iwiri, kenaka yabwerera ku matenda ake. Wapotozanso distributor pang'ono, yacira, yadwalanso, kufikira bauti yomangira yafika kumapeto kwa bowo lake. Pa distributor ya mapointi, yambani mwaona mpata wa mapointiwo, cifukwa nawonso akadyeka amacedwetsa moto. Ngati mapointi ali bwino koma timing ikupitirira kuthawa, vuto liri kunsi. Ndi timing light mudzaona kuti cizindikiro ca pa pule, cimene ciyenera kuoneka ngati caima malo amodzi, cikudumphira uku ndi uku.

Zimani injini, cotsani kapu ya distributor, ndipo gwirani rotor ndi zala. Mukaipotozera mbali imodzi, imayenda pang'ono molimba ndi kubwerera yokha. Amenewo ndi masipuling'i a m'kati, ndipo n'zoyenera. Koma ikamagwedezeka momasuka uku ndi uku osabwerera, pali mpata wosafunika. Ikankhireninso m'mbali. Shafiti yabwino siigwedera m'mbali moti n'kumveka m'zala.

Kagiya kapena cheni?

Pa 2Y, 3Y ndi 4Y, camshaft imazunguzidwa ndi cheni, ndipo cheni yotha imapereka zizindikiro zofanana ndi zimenezi. Tisanaimbe mlandu kagiya, timasiyanitsa ziwirizi motere. Cotsani mapulagi ndi civundikiro ca pamwamba pa mavalavu. Munthu mmodzi azunguze crankshaft ndi sipanala pa bauti ya pule kufikira rocker imodzi iri pakati pa ulendo wake, kenaka abwezere m'mbuyo pang'onopang'ono. Wina ayang'anitsitse rocker imeneyo pamodzi ndi rotor. Zonse ziwiri zikacedwa kuyamba kuyenda, n'kuyambira pamodzi, mpata uli pa cheni, kapena pa magiya a kutsogolo ngati ndi 2F. Koma rocker ikayamba nthawi yomweyo rotor n'kutsalira, mpata uli pakati pa camshaft ndi rotor, ndiye kuti pa kagiya kapena pa kapini kamene kamakamangirira ku shafiti.

Ngati vaneti yazima mwadzidzidzi pa mseu, cotsani kapu, zulani waya wa magetsi opita ku coil, ndipo wina alize sitata kamphindi inu mukuyang'ana. Rotor ikakhala cete pamene marocker akuyenda, kagiya kapululuka mano kapena kapini kaduka. Pamenepo lekani kuliza ndipo musaikankhe kuti ilire, cifukwa pampu nayonso yaima ndipo mabearing akuzungulira opanda oilo watsopano.

Kuwerenga mano

Musanazule distributor, ikani pisitoni yoyamba pamwamba, rotor italoza ku waya wa pulagi yoyamba. Lembani cizindikiro pa thupi la distributor pamene rotor yaloza, ndi cina pakati pa distributor ndi thupi la injini. Onetsetsaninso mbali imene rotor imazungulirira. Pozula, rotor idzapotoka pang'ono yokha kaamba ka kupendekeka kwa mano. Lembaninso pamene yathera, kuti mudzayambire pomwepo pobwezera.

Tsukani kagiya ndi parafini, kapukuteni, ndipo kayang'aneni padzuwa mukukazunguza pang'onopang'ono. Apa m'pofunika kudekha, pakuti mano amanena zambiri kwa woyang'ana bwino.

Kagiya kathanzi kamakhala ndi malo osalala, onyezimira, pakati pa dzino lililonse, ofanana kuzungulira konse, ndipo nsonga za mano zimakhala zikali zophwatalala.

Mano onse akanoleka ngati mpeni, mbali imodzi yokha ya dzino lililonse itadyeka mofanana kuzungulira konse, kagiya kanasenza katundu wopitirira, kapena kanasowa oilo wabwino, kapena citsulo cake n'cofewa. Ngati pali mtundu wobiriwira kapena wakuda wa citsulo copsa, panali kutentha, ndipo oilo sanali kufika mokwanira.

Kudyeka kukakhala kumwamba kokha kapena kumunsi kokha kwa kagiya, distributor inakhala pamwamba kwambiri kapena inalowa mopitirira. Zimenezi zimacitika pamene gasiketi yaikidwa iwiri kapena yaiwalika, pamene washa wa pakati pa kagiya ndi thupi la distributor watha kapena wasowa, kapena pamene distributor ndi ya injini ina yongofanana nayo.

Mano a mbali imodzi ya kagiya akadyeka kwambiri, a mbali inayo ali bwino, shafiti ndi yopindika, kapena mabushi ake atha, kapena bowo la kagiya silinabooledwe pakati penipeni.

Dzino lothyoka kapena kapini koduka, mano ena onse ali bwino, zimasonyeza kuti cina cinagwira mwadzidzidzi. Kawirikawiri ndi pampu imene inameza kanthu kolimba.

Mukatha apo, unikani ndi tochi m'bowo limene mwazulamo distributor, mnzanu akuzunguza injini ndi sipanala, kuti muone dzino lililonse la pa camshaft. Pa 2Y, 3Y, 4Y ndi 2F, mano amenewa ndi thupi limodzi ndi camshaft ndipo sagulidwa paokha. Akakhala okumbika, okanda kapena akuthwa, adzadya kagiya kalikonse kamene mungaike, monga tupa imadyera citsulo. Imeneyi ndi nkhani yowawa kwa mwini galimoto, cifukwa imatanthauza kusintha camshaft, koma ndi bwino kuimva msanga.

Pampu ndi oilo

Ngati mano asonyeza katundu wopitirira, tengani sikuludiraiva yaitali yophwatalala, ilowetseni mumng'alu wa pampu, ndi kuzunguza mbali imene rotor imazungulirira. Pampu yabwino imazungulira mosalala, ndipo imalemera pang'onopang'ono pamene oilo akudzaza njira zake. Ikamagwira malo ena n'kumasuka malo ena, kapena ikamamveka ngati muli mcenga, tsitsani sampu ndi kuimasula. Kumbukirani kuti pampu imayamwa oilo asanapyole m'fyuluta. Cimene cimaiteteza ndi kasefa ka kukamwa kwake cabe, ndipo m'kasefamo timapeza zidutswa za silikoni wopakidwa mopitirira pa magasiketi, ulusi wa nsanza, ndi tizitsulo ta kagiya koyamba.

Tsanulirani oilo wakale m'beseni loyera ndi kuliika padzuwa. Fumbi la citsulo limanyezimira, ndipo maginito amalitola. Dulani fyuluta, tambasulani pepala la m'kati, muone cimene linagwira. Nunkhizaninso oiloyo. Akamanunkha petulo ndipo wasungunuka ngati madzi, mwina carburettor ikusefukira, kapena kamphira ka m'pampu ya petulo kabooka ndipo petulo akudonthera m'sampu. Oilo wotere sangaime pakati pa mano awiri amene akukhuzana mwamphamvu. Akamamveka wa mcenga pakati pa zala, fumbi la m'miseu yathu likulowa, kudzera pa sefa ya mpweya yong'ambika kapena pa fanelo yosiyidwa pansi.

Pambuyo pake pamafunika geji yopimira puresha ya oilo, imene imamangidwa pamalo pa siwichi ya nyale ya oilo. Nyale ija imangonena kuti puresha yatsika kwambiri. Siinena kanthu puresha ikakwera mopitirira. Pa injini zambiri za petulo za Toyota za nthawi imeneyo, buku la okonza limapereka pafupifupi bar 2.5 kufika 5 pamene injini yatentha ndipo ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi. Pimani injini iri yozizira, mupimenso itatentha. M'pampu muli kavalavu ka sipuling'i kamene amakanika amakacha relief valve. Nchito yake ndi kutseguka puresha ikafika pa malire, kuti oilo wotsala abwerere. Kakagwira kali kotseka, pampu imalimbana ndi khoma, ndipo wolipira ndi kagiya.

Pali zizolowezi zitatu zimene zimalemetsa pampu, ndipo zonse zimacokera m'mtima wofuna kuthandiza injini yokalamba. Coyamba ndi kuthira oilo wolemera wa nambala imodzi, monga SAE 50, kapena kuonjezera mankhwala aja onanda ngati uci kuti utsi uleke. Oilo wa nambala ziwiri, monga 20W-50, anapangidwa kuti aziyenda bwino injini ikali yozizira. Wa nambala imodzi yaikulu amakhala ngati phala m'mawa wa Juni ndi Julayi. Caciwiri ndi kuika mawasha kumbuyo kwa sipuling'i ya relief valve. Cacitatu ndi kuponda mafuta mwamphamvu injini itangolira, oilo akali wozizira.

Caka catha mmodzi wa ophunzira athu akale anabweretsa vaneti imene inadya timagiya tiwiri pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mwamwayi anasunga tonse tiwiri. Mano anali onoleka mbali imodzi kuzungulira konse, shafiti inali yoongoka, ndipo mano a pa camshaft anali asanaonongeke. Titamanga geji m'mawa, muvi unapitirira malire kutalitali. Injini itatentha ndi kusiyidwa kulira yokha, muvi unagwa pafupi ndi pansi. M'pampu tinapeza mawasha awiri kumbuyo kwa sipuling'i, ndipo m'sampu munali oilo wolemera wosakaniza ndi mankhwala onanda. Zonsezi zinaikidwa pofuna kuzimitsa nyale ya oilo imene inali kuphethira. Koma nyaleyo inali kunena zoona: mabearing anali atatha ndipo oilo anali kuthawira m'mipata yake. Mawasha sakweza puresha ya injini yotentha imene ikulira pang'onopang'ono, cifukwa pa nthawiyo kavalavu kamakhala kotseka kale. Amangokweza malire a m'mawa, nthawi imene kagiya kamavutika koposa. Atasintha mabearing, kucotsa mawasha ndi kubwerera ku oilo woyenera, kagiya kacitatu kanakhazikika.

Camshaft yoyendayenda ndi sipeya yokayikitsa

Mano opendekeka akamakankhana, amakankhiranso camshaft kutsogolo kapena kumbuyo. Cimene cimaigwira ndi kambale kacitsulo ka kutsogolo kwa injini, kochedwa thrust plate. Mpata wololedwa pamenepo ndi wocepa, wosafika theka la milimita imodzi. Kambaleka kakatha, camshaft imayendayenda, malo olumanirana mano amasinthasintha, ndipo timing imasuntha pamene muponda mafuta ndi pamene muwasiya. Kuti mupime bwino, pamafunika kutsegula civundikiro ca kutsogolo ndi kugwiritsira nchito feeler gauge, ndipo nambala yeniyeni muitenge m'buku la injini yanu.

Tsopano za sipeya. Masiku ano distributor yathunthu yatsopano imapezeka pa mtengo wotsika, ndipo zina zimagwira nchito bwino. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanalipire, ikani yatsopano pambali pa yakale. Werengani mano. Onani ngati apendekera mbali imodzimodzi. Pimani ndi vernier mtunda wocokera pamene distributor imakhalira pa injini kufika pa kagiya, ndiponso kufika pa nsonga ya shafiti. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena iwiri n'kokwanira kusuntha malo olumanirana mano. Ngati mukali ndi kagiya kamene kanabwera ndi injini, kandani pang'ono ndi tupa pa khosi pake, mucitenso cimodzimodzi pa katsopano. Tupa ikalowa mosavuta m'katsopano kuposa m'kakale, citsulo cake n'cofewa.

Kulimba kopitirira nakonso n'koopsa. Camshaft za injini zimenezi kawirikawiri ndi za citsulo cosungunula, ndipo kagiya kayenera kukhala ka citsulo cogwirizana naco. Kolimba kwambiri kamadya mano a camshaft, amene ndi odula koposa. Motero sitilimbikitsa kusulitsa kagiya pa lathe kucokera ku citsulo cosadziwika. Ngati injini yanu inaikidwa camshaft yocokera ku injini ina yophwasulidwa, ndi bwino kupeza kagiya kamene kanali kuyenda nayo, ngati kakali kabwino.

Pobwezera

Mukapeza cimene cinatsitsa dzaye ndi kucikonza, yeretsani injini musanaike kagiya katsopano. Tsukani sampu ndi kasefa, masulani pampu muone ngati tizitsulo tinaikanda, ikani fyuluta yatsopano ndi oilo wa nambala imene buku limanena. Fumbi la citsulo lotsala m'kati limabwerera ku mano ndi ku mabearing.

Pakani inki ya maka pa mano a kagiya katsopano, ikani distributor, zunguzani injini ndi sipanala maulendo angapo, muizulenso. Pamene inki yafufutika ndi pamene mano akulumanirana, ndipo payenera kukhala pakati. Mukakhutira, gwiritsirani nchito kapini katsopano, pakani oilo wambiri pa mano, ndipo ikani gasiketi kapena kamphira kamodzi monga zinalili poyamba.

Samalani kwambiri pa nsonga ya shafiti. Distributor iyenera kutsika yokha kufikira itakhala pansi penipeni. Ikaima kutsala mpata, nsonga siinalowe mumng'alu wa pampu. Izuleni, potozani mng'aluwo pang'ono ndi sikuludiraiva, muyesenso. Musaikokere pansi ndi bauti, cifukwa mudzapanikiza pampu ndi kupinda shafiti. Coopsa koposa n'cakuti kagiya kangalumane ndi camshaft nsonga isanalowe m'pampu. Pamenepo injini imalira bwinobwino koma yopanda oilo, ndipo mphindi zocepa zimakwana kuiononga. Motero mukaliza koyamba, maso akhale pa geji kapena pa nyale. Ikapanda kuzima m'masekondi ocepa, zimani injini nthawi yomweyo.

Konzani timing ndi timing light, cifukwa khutu limanyenga. M'mawa, ilekeni injini ilire pang'onopang'ono mphindi zingapo musanaisenzetse katundu. Ikayenda makilomita pafupifupi 1,000, sinthaninso oilo ndi fyuluta, zulani distributor ndi kuwerenganso mano. Ngati pakati pa dzino lililonse payamba kusalala mofanana, nchito yanu yagwira. Ngati nsonga zayamba kunoleka, mdani akalipo, ndipo mwamugwira camshaft isanaonongeke.

M'buku limene mumalembamo za mbeu, feteleza ndi zokolola, patulani tsamba la galimoto. Lembani tsiku ndi makilomita pamene munasintha oilo, nambala yake, puresha imene geji inaonetsa injini iri yozizira ndi itatentha, ndi tsiku limene timing inakonzedwa. Timing ikafuna kukonzedwa kawiri m'miyezi itatu, tsambalo lidzakuuzani vaneti isanaime. Ndipo kagiya kakale musakataye kudzala. Kakulungeni m'kansalu, mukasunge. Ophunzira athu akale amene ali ndi vuto lotere angabwere nako kuno pa masiku a nchito, pamodzi ndi distributor yake ndi kabotolo ka oilo wa m'sampu, ndipo tidzawerengera limodzi.